Mlonda wa m'Kati mwa Batire

Dzuwa lalowa ku Kobwe. Lalowera kutsidya, kuseri kwa cilumba ca Likoma. Lero mwezi kulibe, ndipo nyanja yada bii. Asodzi akankhira mabwato awo m'madzi.

Posacedwa, pakati pa nyanja payamba kuoneka timiuni. Kamodzi, tiwiri, titatu, kenaka tambirimbiri, ngati mudzi wamera pamadzi. Zimenezo ndi nyali za asodzi. Usipa umakonda kuwala. Ukaona nyali umasonkhana pansi pake, ndipo asodzi amauzinga ndi ukonde wa cilimira.

Agogo amakumbukira nyali zakale. Zinali za palafini, zocita kupopa. Galasi lake silinkacedwa kusweka, ndipo palafini ankadya ndalama usiku ndi usiku. Masiku ano nyali zambiri za pa nyanja zimayaka ndi batire. Kunyumba nakonso batire linafika. Masana sola ya padenga imalandira dzuwa. Batire limasunga mphamvuyo. Usiku ana amawerenga, amayi amaona pophika, atate amachaja foni.

Batire ndi nkhokwe ya magetsi. M'Cipwitikizi limachedwa bateria. Anthu akamati batire lili ndi moto, sanena moto wa nkhuni ayi. Amanena mphamvu ya magetsi imene yasungidwa m'katimo.

Mabatire ali mitundumitundu. Alipo a wayilesi ndi a toci, aja a m'Cipwitikizi amati pilha. Amenewo akatha, atha. Alipo a galimoto, olemera kwambiri, okhala ndi madzi a asidi. Ndiye alipo ena opepuka, a litiyamu. Amenewa ali m'foni, m'nyali za sola, ndiponso m'timabokosi tambiri ta sola ta panyumba. Akatha moto amadzazidwanso, nthawi zambirimbiri.

M'batire la litiyamu mumakhala mlonda. Mlonda ameneyu alibe mkondo, alibe cibonga, sagona ndiponso salankhula. Anthu ambiri sanamuonepo. Koma ndalama zimene banja linalipira pogula batire zili m'manja mwake.

Batire ndi banja

Batire lalikulu silikhala cinthu cimodzi. M'kati mwake mumakhala timabatire ting'onoting'ono tolumikizana. Kamodzi mwa timeneti kamachedwa selo. Ambiri ndi maselo. M'Cipwitikizi amati célula.

Mphamvu imene selo limakankhira magetsi imayesedwa ndi mavolti. Selo limodzi lili ndi mavolti ocepa. Ndiye opanga mabatire amaika maselo pamzere, mutu wa ili kugunda matako a linzake, kuti mavolti awo aphatikizane.

Zimenezi si zacilendo. Mwana aliyense amene anatsegulapo wayilesi ya agogo anaziona. Mumalowa mabatire anayi, lililonse la mavolti 1,5. Anayiwo akaphatikizana amapanga mavolti 6. Batire la galimoto nalo lili ndi zipinda zisanu ndi cimodzi. Cipinda ciliconse ndi selo la mavolti 2. Zonse pamodzi zimapanga mavolti 12. N'cifukwa cake mabatire ambiri a galimoto ali ndi zitsekerero 6 pamwamba.

Maselo a litiyamu ali m'magulu awiri odziwika. Ena ndi a mavolti 3,7. Amenewa ndi a m'foni ndi m'makompyuta a m'manja. Ena mwa iwo ndi obulungira, otalika ngati cala ca munthu wamkulu, ndipo amadziwika ndi nambala 18650. Nambalayo ikunena msinkhu wake: mamilimita 18 kunenepa, mamilimita 65 kutalika. Ena ndi a mavolti 3,2, ndipo pa batire lawo pamalembedwa LiFePO4. Amenewa ndi amene amakonda kuikidwa m'mabatire a sola, cifukwa amakhalitsa ndiponso sapsa msanga. Anayi a mtundu umenewu akaima pamzere amapanga mavolti 12,8. Motero amatha kugwira nchito imene batire la galimoto linkagwira, koma mwana wa sukulu angathe kuwanyamula.

Foni zambiri zili ndi selo limodzi lokha. Batire la sola la panyumba lingakhale ndi maselo anayi pamzere. Magalimoto ena oyenda ndi magetsi ali ndi maselo masauzande.

Pamzere pali lamulo limodzi. Magetsi alibe njira ina. Amene alowa m'selo loyamba ndi omwewo amene adutsa m'laciwiri, m'lacitatu ndi m'lacinayi. Podzaza, maselo onse amalandira mofanana. Pogwiritsa nchito, onse amapereka mofanana. Palibe selo limene linganene kuti, "Ine ndakhuta, patsani mnzangayu."

Mitsuko inayi

Pakhonde pali mitsuko inayi. Mtsuko uliwonse umalowa zikho 10 za madzi. Panyumbapo pali lamulo lacilendo. Wothira madzi ayenera kuthira cikho cimodzi mu mtsuko uliwonse, yonse inayi nthawi imodzi. Wotunga nayenso ayenera kutunga cikho cimodzi mu mtsuko uliwonse. Saloledwa kudumpha ngakhale umodzi. Pali lamulo linanso. Mtsuko usasefukire, ndipo mtsuko ukauma, kutunga kwathera pomwepo.

Tsiku loyamba zonse zili bwino. Mitsuko yonse yadzaza pamodzi. Banja latunga kakhumi, ndipo mitsuko yonse yauma pamodzi.

Koma mitsuko ndi youmbidwa ndi manja. Ngakhale woumba akhale mmodzi, dothi likhale la padambo limodzi, mitsuko singafanane ndendende. Umodzi uli ndi kamng'alu kosaoneka ndi maso. Umadontha pang'onopang'ono, dontho lero, dontho mawa.

Papita miyezi. Acemwali akuthira madzi. Mitsuko itatu yadzaza, ili ndi zikho 10. Wodontha uja uli ndi zikho 8 zokha. Acemwali aima. Akathiranso, itatu ija isefukira.

Madzulo amayi ayamba kutunga. Kamodzi, kawiri, katatu, mpaka kasanu ndi katatu. Mtsuko wodontha uja wauma gwa. Amayi aima. Koma mu mitsuko itatu ija mwatsala madzi, zikho ziwiriziwiri. Ziwiri, kuphatikiza ziwiri, kuphatikiza ziwiri, ndi zikho 6. Madziwo alipo, akuoneka, koma banja silingamwe.

Mwezi wotsatira mtsuko uja ufika zikho 7. Kenaka 6. Banja likudandaula kuti mitsuko yonse yaonongeka. Koma mitsukoyo ndi yabwinobwino. Vuto ndi lakuti yasiyana msinkhu wa madzi.

Maselo nawo ndi cimodzimodzi. Amapangidwa m'fakitale imodzi, tsiku limodzi, koma safanana ndendende. Selo lililonse limataya moto pang'ono ngakhale batire lili cikhalire, ndipo lina limataya kuposa anzake. Selo limene lili malo otentha, monga pakati pa anzake, limataya msanga ndiponso limakalamba msanga. Selo lodzaza msanga ndilo limaimitsa kudzaza. Selo louma msanga ndilo limazimitsa nyali. Msodzi ali pakati pa nyanja, usipa wayamba kusonkhana, nyali yazima phi. Cifukwa cake ndi selo limodzi.

Nchito ya mlonda

Mlonda wa batire ndi kathabwa kakang'ono, nthawi zambiri kobiriwira. Pa kathabwako pali tizidutswa takuda tonga nyerere. Pamakhala polembedwa zilembo zitatu izi: BMS. Zilembozo zikuimira mawu a Cingelezi otanthauza cipangizo coyang'anira batire.

Kucokera pa kathabwako pamatuluka timawaya ting'onoting'ono topita ku maselo. Maselo akakhala anayi, timawaya timakhala tisanu. Zili ngati mpanda. Mipata inayi imafuna mizati isanu. Timawaya timeneti ndi maso a mlonda. Ndi timeneti amayesa mavolti a selo lililonse palokhapalokha, usana ndi usiku.

Munthu woyesa batire kunja amangoona nambala imodzi, ya maselo onse pamodzi. Nambalayo ingaoneke yabwino pamene m'kati selo lina lakhuta mopitirira, lina lili ndi njala. Mlonda yekha ndiye amaona aliyense wa m'banjamo.

Nchito yake yoyamba ndi kutseka khomo. Selo la mavolti 3,7 limadzaza likafika 4,2. Selo la mavolti 3,2 limadzaza likafika 3,65. Limodzi lokha likafuna kupitirira pamenepo, mlonda amadula magetsi olowa. Usiku, limodzi lokha likatsika mpaka pafupi ndi mavolti 2,5, mlonda amadula magetsi otuluka. Amadulanso mawaya awiri akagundana mwangozi. Alonda ambiri alinso ndi kawaya komva kutentha, ndipo batire likatentha kwambiri amatseka.

Nchito yake yaciwiri ndi kulinganiza maselo. Imeneyi ndiyo imacititsa kuti batire lisakalambe lisanafike nthawi yake.

Supuni ndi cikho

Njira zolinganizira zilipo ziwiri.

Njira yoyamba ndi yotaya. Mitsuko itatu ija yadzaza, umodzi watsalira. Mlonda watenga supuni. Akutapa madzi mu mitsuko yodzaza ija pang'onopang'ono, nawataya pansi. Mu mitsukomo mwapezeka malo. Tsopano acemwali angathe kuthiranso cikho mu mitsuko yonse inayi. Wotsalira uja wakwera pang'ono. Mlonda atapanso, acemwali athiranso, mpaka yonse inayi yafika pakamwa.

M'batire, supuni imeneyi ndi kacidutswa kochedwa rezisita. Selo lililonse lili ndi kake. Selo likatsogola anzake, mlonda amatsegula kanjira kopita ku rezisita. Moto woonjezera uja umadutsa mmenemo ndi kusanduka kutentha. Ndiye nthawi zina batire likatsala pang'ono kudzaza, kathabwa kaja kamafunda pang'ono. Kufunda kumeneko si matenda.

Munthu angadabwe. Kutaya madzi kuti madzi aculuke? Inde. Otayikawo ndi ocepa kwambiri, ndipo dzuwa la ku Kobwe limabweza mawa lomwe. Cimene banja lapindula ndi zikho zonse 10 m'malo mwa 8. Njira imeneyi ndi yosavuta kupanga ndiponso yotsika mtengo. Mabatire ambiri a sola a panyumba amatsata imeneyi.

Njira yaciwiri ndi yogawana. Mlonda sataya kanthu. Amatunga mu mtsuko wodzaza ndi kuthira mu wotsalira. M'batire, amatenga moto ku selo lokhuta, nausunga kanthawi kocepa m'kacidutswa kena, kenaka naupereka ku selo lanjala. Amabwereza zimenezi mofulumira kwambiri. Njira imeneyi imasunga moto, koma imafuna zida zambiri, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Imapezeka kwambiri m'mabatire akuluakulu.

Pali cinthu cimodzi cimene mlonda sangacite. Sangakulitse mtsuko. Selo likakalamba, limakhala ngati mtsuko umene pansi pake padzaza matope. Kale unkalowa zikho 10, tsopano umalowa 6. Mlonda angaudzaze mpaka pakamwa, koma zikhozo zikhalabe 6. Pamenepo batire lonse limatha msanga, ndipo kulinganiza sikungalibwezere unyamata.

Cifukwa ciani litiyamu amafuna mlonda?

Batire la galimoto lilibe kathabwa kotere, koma limagwira nchito. Cifukwa cake ndi ici. Selo la asidi likadzaza, magetsi oonjezera amangowiritsa madzi ake pang'ono. Limatulutsa mpweya ndi kudikira anzake otsalira. Mwini wake amangoonjezera madzi oyenera. Selo la litiyamu silidziwa kudikira motero.

M'kati mwa selo la litiyamu muli mbali ziwiri. Pakati pake pali kansalu kopyapyala kwambiri, kuposa tsamba la buku ili. Podzaza batire, tizidutswa ta litiyamu tosaoneka ndi maso timaoloka kansaluko ndi kukabisala mbali ina. Nyali ikayatsidwa, timabwerera kumene tinacokera. Ulendo umenewu ndiwo umayatsa nyali.

Malo obisalamo akadzaza koma magetsi n'kumalowabe, litiyamu amasowa kolowera. Amaunjikana panja ndi kumera ngati timinga. Timinga timeneti tikabaya kansalu kaja, mbali ziwirizo zimakhudzana. Selo limatentha, limatupa, ndipo lingathe kuyaka. Moto wake ndi waukali, wovuta kuzimitsa, ndipo utsi wake ndi woipa kupuma. Selo likaumanso mopitirira, m'kati mwake mumaonongeka, ndipo kulidzazanso kungakhale koopsa.

Mbali imene litiyamu amakabisalako imapangidwa ndi mwala wakuda wofewa wochedwa grafite. Mwana aliyense wa kalasi yoyamba ali nawo m'manja. Ndi uja uli pakati pa pensulo, umene umasiya mzere pa pepala. Mwala umenewu umakumbidwa m'dziko la Mozambique lomwe lino. Ku Balama, m'cigawo ca Cabo Delgado, coyandikana ndi Niassa, kuli mgodi waukulu wa grafite umene unayamba kutulutsa mwalawu m'caka ca 2017. Litiyamu ndiye citsulo copepuka kuposa zitsulo zonse, moti amayandama pamadzi. Wambiri amacokera ku Australia ndi ku Chile. Amakumbidwanso ku Bikita, m'dziko la Zimbabwe.

Mabatire a mtundu umenewu si akale. Kampani ya Sony ya ku Japan inayamba kuwagulitsa m'caka ca 1991. Nthawi imeneyo nkhondo inali isanathe kuno, ndipo mabanja ambiri a ku Kobwe anali atathawira ku Likoma ndi kumadera ena a Malawi. Mtendere unasainidwa m'caka ca 1992. M'caka ca 2019, anthu atatu amene anatulukira batire limeneli analandira mphoto ya Nobel. Mayina awo ndi John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino.

Za makolo

Nkhani yotsatirayi imacitika m'midzi yambiri, ndipo imayamba mofanana.

Banja lagulitsa usipa wouma ndi kugula batire la sola. Caka coyamba nyali ikuyaka mpaka tambala woyamba. Dzinja lafika. Kuyambira Disembala mpaka Malici mitambo ikuphimba dzuwa masiku ambiri. Batire silikudzaza. Likangolandira moto pang'ono, madzulo omwewo foni zitatu zalumikizidwa, wayilesi ikuimba, nyali ziwiri zikuyaka. Pofika kumapeto kwa dzinja nyali ikuzima anthu asanadye nsima.

Mwana afunsa kuti, "Atate, kodi batire lathu lafa?"

"Kaya, mwanangu. Mawa ndipita nalo kwa okonza."

Wokonza watsegula bokosi. Waona kathabwa kobiriwira kaja. Akuti, "Bambo, cimene cikuzimitsa nyali yanu ndi ici." Pamenepo sananame. Koma kenaka watenga waya, walambalala kathabwako, walumikiza maselo molunjika. Nyali yayaka. Atate alipira, abwerera kunyumba akumwetulira.

Masiku oyamba nyali ikuyaka nthawi yaitali kuposa kale. Cifukwa cake n'cakuti palibenso woletsa. Usiku selo lotsalira lija likufinyidwa mopitirira. Masana maselo otsogola aja akudzazidwa mopitirira. Palibe amene akuona. Mwayi ukakhalapo, batire limangofa, ndipo ndalama za usipa zija zapita. Mwayi ukasowa, selo limayaka masana anthu ali kumunda, kapena usiku ana ali m'tulo pansi pa denga la udzu.

Wokonza amene amadziwa nchito yake sacita zimenezo. Amatenga mita yoyesera ndi kuyesa selo lililonse palokha. Akapeza kuti maselo angosiyana msinkhu, amadzaza lotsaliralo pang'onopang'ono mpaka lifanane ndi anzake. Akapeza kuti kathabwa kapsa, amaika kena kofanana nako. Akapeza selo lotupa, amanena zoona kuti batire latha. Makolo ali ndi ufulu wofunsa asanalipire kuti, "Kodi kathabwa kaja mwakabwezera?" Funso limenelo si lamwano.

Batire lija la m'dzinja mwina silinkafuna n'komwe wokonza. Linkafuna kudzaza. Alonda ambiri amalinganiza maselo pokhapokha batire likatsala pang'ono kudzaza. Cifukwa cake n'cakuti maselo a LiFePO4 akakhala pakatikati, onse amaonetsa mavolti pafupifupi ofanana. Lokhuta pang'ono ndi lanjala pang'ono sasiyana kwenikweni. Zili ngati kusuzumira mu mtsuko wa khosi laling'ono m'nyumba ya mdima. Madzi amaoneka bwino akayandikira pakamwa. Batire limene silidzaza kwa miyezi, mlonda wake sapeza mpata wogwira nchito.

Supuni yakenso ndi yaing'ono. Kusiyana kumene kunaunjikana dzinja lonse sikungathe pa ola limodzi. Nthawi zina kumatenga masiku angapo. Conco dzuwa likawala bwino, ndi nzeru kucotsa foni ndi wayilesi, batire lidye lokha mpaka lidzaze, ndi kulisiya cilumikizire mpaka dzuwa lipendeke. Kudzimana wayilesi masana awiri kapena atatu n'kopepuka poyerekeza ndi kugula batire lina.

Kutentha ndi mdani wina. Kale anthu ankayanika mabatire a wayilesi padzuwa kuti aimbeko pang'ono madzulo. Cizolowezi cimeneco cisafike pa batire la litiyamu. M'mwezi wa Okutobala mcenga wa kugombe umaocha mapazi. Batire losiyidwa pamenepo, kapena lopacikidwa pafupi ndi malata, limakalamba msanga, ndipo mbali yotentha imakalamba kuposa inzake. Malo ake ndi pamthunzi, popita mphepo, pouma, kutali ndi mafuwa ndi macesi. M'bwato likhale pamwamba, pamene madzi safika, pakuti madzi akalowa pa kathabwa kaja amakadya dzimbiri ndipo mlonda amacita khungu.

Sola nayo isalumikizidwe ku batire molunjika. Sola imene anthu amati ndi ya mavolti 12 imatulutsa pafupifupi 18 dzuwa likakhala paliwombo. Pakati pa sola ndi batire payenera kukhala kabokosi kocepetsa, kaja a m'Cipwitikizi amati regulador, ndipo kakhale kogwirizana ndi litiyamu. Mlonda wa m'kati ndi wotseka khomo pa ngozi. Si bwino kumugwiritsa nchito imeneyo tsiku ndi tsiku.

Anyamata ena aluso amatola maselo a 18650 m'makompyuta akufa ndi kuwalumikiza kuti apange batire la nyali. Luso limenelo ndi labwino, koma maselo otoledwa uku ndi uku ali ngati mitsuko ya misinkhu yosiyana, ina yamatope, ina yodontha. Agogo amadziwa kale zimene zimacitika batire latsopano likasakanizidwa ndi lakale mu wayilesi. Lakale lija limatha msanga, limatuluka madzi, ndipo limadya zitsulo za wayilesi. Pa litiyamu zotsatira zake n'zoopsa kuposa pamenepo. Woika maselo pamzere asankhe ofanana mtundu ndi mphamvu, ndipo asaiwale kathabwa.

Batire likatupa, likanunkha fungo lacilendo, kapena likatentha losagwiritsidwa nchito, nchito yake yatha. Mwana akaona zimenezi asaligwire. Athamange akauze munthu wamkulu. Wamkuluyo alitulutse panja, aliike pa dothi kapena pa mcenga pamthunzi, kutali ndi nyumba, nkhokwe ndi maukonde. Lisabooledwe ndi msomali. Lisaswedwe ndi mwala pofuna kuona za m'kati. Lisaponyedwe pamoto wa zinyalala. Lisaponyedwenso m'nyanja, mmene anthu amatunga madzi akumwa ndi mmene cambo ndi kampango amaswana.

Masewera a pakhonde

Ana angathe kusewera za mlonda ndi acimwene kapena acemwali awo. Pafunika zitini zinayi ndi timiyala ta kugombe. Citini ciliconse cimaloledwa timiyala 10 tokha.

M'zitini zitatu aikemo timiyala tiwiritiwiri. Cacinayi cikhale copanda kanthu. Mwana mmodzi ndi dzuwa. Iye amaponya kamwala kamodzi m'citini ciliconse, osadumpha, uku onse akuwerenga mokweza. Mwana wina ndi mlonda. Citini cina cikafika 10, mlonda amakweza dzanja ndi kunena kuti, "Imani!"

Dzuwa liponya kasanu ndi katatu, ndipo mlonda aimitsa. Onse awerenge timiyala ta m'citini cacinayi. Apeza 8.

Tsopano mlonda acotse kamwala kamodzi m'citini ciliconse codzaza, aike pambali. Dzuwa liponyenso m'zitini zonse zinayi. Cacinayi cafika 9. Mlonda acotsenso, dzuwa liponyenso. Zitini zonse zafika 10, ndipo pambali pali timiyala 6.

Akatero asinthane. Amene anali mlonda akhale dzuwa, ndipo wamng'ono pa onse akhale nyali. Nyali imatola kamwala kamodzi m'citini ciliconse mpaka mlonda atakweza dzanja.